Otto Lilienthal, munthu amene anaphunzira kuuluka kwa adokowe

Ana inu, kodi munamuonapo kabawi masana dzuwa likutentha? Amazungulira pamwamba pa mudzi kufuna anapiye. Tsiku lina mudzamuyang'anitsitse. Mapiko ake amangowatambasula. Sakupiza, koma sagwa. Mphepo ndiyo imamunyamula.

Ziliko ndege zimene zimauluka ngati kabawi. Zilibe injini, sizimwa mafuta, ndipo sizicita phokoso. Lero timva za munthu amene anayamba kupanga ndege zotere n'kumagulitsa kwa anthu ena. Dzina lake ndi Otto Lilienthal. Anamwalira kalekale, agogo athu asanabadwe.

Mwana wa ku Anklam

Otto anabadwa pa 23 Meyi 1848 m'tauni ya Anklam. Tauniyi ili ku Ulaya, m'dziko la Jeremani, limene m'Cipwitikizi timati Alemanha. M'banja mwao munabadwa ana 8, koma 5 anamwalira ali aang'ono. Anatsala atatu: Otto, mng'ono wake Gustav, ndi mlongo wao Marie.

Atate ao anali ogulitsa nsalu, koma malonda sanali kuyenda bwino. Iwo anamwalira mu 1861, Otto ali ndi zaka 12. Amayi ao, a Caroline, anatsala okha ndi ana. Anali odziwa kuimba, ndipo ankaphunzitsa anthu nyimbo kuti ana adye ndi kupita kusukulu.

Pafupi ndi Anklam pali mtsinje wa Peene, ndipo m'mbali mwake muli madambo. M'madambomo mumatera adokowe. Dokowe ndi mbalame yaikulu, yoyera, ya nthenga zakuda kumapiko. Mlomo ndi miyendo yake ndi yofiira. Ku Ulaya kukayandikira nyengo yozizira, adokowe amanyamuka ulendo wautali kubwera kuno ku Afrika. Amafika nthawi ya mvula kudzadya ziwala ndi acule. Mwina nanunso munawaonapo kudambo.

Otto ndi Gustav ankakonda kubisala m'udzu n'kumayang'ana adokowe. Anaona cinthu codabwitsa. Dokowe akafuna kuuluka, amayamba watembenukira kumene kukucokera mphepo. Amadumphadumpha kulunjika komweko, ngakhale kuti anthu amene akumuopsa ali mbali yomweyo. Anawo anazindikira kuti mbalame imanyamuka msanga ikakumana ndi mphepo maso ndi maso.

Mapiko oyamba

Otto ali ndi zaka ngati 14, iye ndi mng'ono wake anapanga mapiko a timatabwa topyapyala. Anawamanga kumikono. Ankaopa kuti anzao a kusukulu awaseka, motero ankapita kukayesa usiku. Ankathamanga kutsika kacitunda uku akukupiza. Sanauluke ngakhale pang'ono. Usiku mphepo inali itagona, ndiponso mikono ya munthu ilibe mphamvu ngati cifuwa ca mbalame.

Amayi ao sanawaletse. Ine ndimawayamikira amayi amenewa. Anali osauka, anali ndi nkhawa zambiri, koma anawasiya ana ao kuti ayese.

Otto anaphunzira sukulu ya zamakina ku Potsdam, kenaka ku Berlin, mzinda waukulu wa dzikolo. Mu 1870 kunabuka nkhondo pakati pa Jeremani ndi France, ndipo iye anapita kukakhala msilikali. Atabwerako anagwira nchito m'mafakitale. Anapanga makina okumbira malasha m'migodi. Mu 1878 anakwatira Agnes Fischer, ndipo anabereka ana 4.

Tsopano Otto wakula, ndi bambo wa pabanja. Tiyeni tiziti a Lilienthal.

A Lilienthal ndi ang'ono ao anapanganso tinjerwa tating'ono ta mitundumitundu, toti ana azimangira tinyumba posewera. Analibe ndalama zotsatsira malondawo, ndiye anagulitsa nzeru yao kwa munthu wina wamalonda. Munthuyo analemera nato tinjerwato. Iwo anapezapo zocepa.

Mu 1883 a Lilienthal anatsegula fakitale yaoyao ku Berlin. Ankapangamo mainjini aang'ono oyendera nthunzi ya madzi owira. Nchitoyi inayenda bwino, ndipo anchito anafika ngati 60. Mu 1890 anayamba kugawira anchito ao phindu la fakitale. Pa magawo anayi a phindu, gawo limodzi linali la anchito. Masiku amenewo mabwana ocita zimenezi anali osowa.

Cinsinsi ca phiko

Zaka zonsezi abale awiriwa sanaiwale adokowe. Akaweruka kunchito, ankayesa mapiko. Anapanga cipangizo ca mkono wautali wozungulira. Kunsonga kwake ankamangako phiko, n'kuzunguza, n'kuyeza mphamvu imene mphepo ikulikankhira m'mwamba. Ankasintha phiko, n'kuyezanso, n'kulemba manambala m'buku. Anacita zimenezi zaka zoposa 20.

Kodi anapeza ciyani? Amayi akapha nkhuku, mudzapemphe phiko lake mulitambasule. Mudzaona kuti si lathyathyathya ngati thabwa. Pamwamba ndi lotumphuka, pansi ndi lolowa m'kati ngati cikho. A Lilienthal anapeza kuti phiko lopindika cotere limanyamula katundu wolemera kuposa phiko lathyathyathya. Mphepo ikamadutsa pa phiko lopindika imakhotera pansi, ndipo phikolo limakankhidwira m'mwamba.

Mungathe kuyesa nokha. Tengani kapepala, mukagwire pansi pa mlomo wanu, mbali ina ilendewere. Uzirani pamwamba pake. Kapepalako kadzuka.

Mu 1889 a Lilienthal analemba buku lofotokoza mmene mbalame zimaulukira, ndi mmene munthu angaphunzirire kwa izo. M'bukumo anaikamo manambala ao onse. Sanabise kanthu.

Kudumpha koyamba

Mu 1891, ali ndi zaka 43, anapanga ndege yoyamba yotha kunyamula munthu. Mafupa ake anali a nthambi za msondodzi, mtengo wofewa umene kwao amalukira madengu. Pamwamba anakutapo nsalu ya thonje. Sinali yolemera. Munthu mmodzi ankatha kuinyamula.

Sanayambire paphiri. Anayambira pabwalo la nyumba yao, kudumpha kucokera pa thabwa lokwera mita imodzi yokha. Anadumpha kambirimbiri. Atazolowera, anakweza thabwalo pang'ono. Kenaka anapita ku citunda ca mcenga pafupi ndi mudzi wa Derwitz. Kumeneko anauluka mamita 25 mapazi osagunda pansi.

Pano ndiime pang'ono. Ana inu, musakwere padenga kapena mumtengo kuti mudumphe ndi nsalu. Mudzathyoka miyendo. Bambo amenewa anayeza mapiko zaka 20 asanadumphe mita imodzi.

Ndege ya a Lilienthal inalibe mpando. Pakati pa mapiko panali cibowo. Iwo ankalowa m'menemo, n'kupisa mikono m'zogwirira, miyendo ili lende. Ankathamanga kutsika citunda kulunjika kumene kukucokera mphepo, monga amacitira dokowe. Akathamanga pang'ono, mapazi ankacoka pansi.

Nanga ankaiwongola bwanji? Ndi thupi lao. Mphepo ikakweza phiko lakumanzere, ankaponya miyendo kumanzere kuti phikolo litsike. Ndege ikadzutsa mutu, ankaponya miyendo kutsogolo. Inali nchito yofuna mphamvu ndi cangu. Akacedwa pang'ono, ankagwa. Kangapo anabzungunyuka mapazi ndi manja.

Mu 1893 anapeza mapiri abwino pafupi ndi Rhinow ndi mudzi wa Stölln. Kumeneko anauluka mpaka mamita 250. Ndiko kuti mabwalo a mpira awiri ndi theka.

Phiri lomanga ndi manja

Mapiri aja anali kutali ndi kwao. A Lilienthal ankafuna kuyesa kawirikawiri akaweruka kunchito. Ndiye mu 1894 analipira anthu kuti aunjike dothi ku Lichterfelde, pafupi ndi nyumba yao. Dothilo linali lotsala pa malo oumbira njerwa. Anamanga kaphiri kosongoka ngati culu, kotalika mamita 15. Anakamanga kozungulira dala, kuti mphepo ikacokera mbali iliyonse iwo athe kuthamangira komweko. Pamwamba pake panali kacipinda kosungiramo ndege.

Lamulungu anthu ankabwera kudzaonerera. Kunkabweranso ojambula zithunzi. Mmodzi wa iwo anali Ottomar Anschütz, amene kale anajambulapo adokowe akuuluka. Zithunzi za a Lilienthal ali m'mwamba zinatuluka m'manyuzipepala a maiko ambiri. Kale anthu ankati wofuna kuuluka ndi wamisala. Ataona zithunzizo, ambiri anasintha maganizo.

Ndege zogulitsa

A Lilienthal sanafune kuuluka okha. Ankafuna kuti anyamata ambiri aphunzire, kuuluka kukhale masewera monga kupalasa bwato. Ankati anthu akaculuka, wina adzapeza nzeru imene mnzake sanaipeze. Ankakhulupiriranso kuti anthu akadzayamba kuuluka, malire a maiko adzakhala opanda nchito ndipo nkhondo zidzatha. Apa pokha anaphonya. Ndege zinadzanyamulanso mabomba.

Pofuna kuti ena aphunzire, mu 1894 anayamba kupanga ndege za mtundu umodzi m'fakitale yao ija, zofanana zonse, n'kumagulitsa. Palibe fakitale ina padziko lonse imene inacitapo zimenezi kale. Ndege iliyonse inali yolemera makilo 20. Kucokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake panali mamita pafupifupi 7. Mapikowo ankapindika ngati a mleme, kuti ndege ilowe pakhomo ndi kukwera sitima.

Mtengo wake unali mamaki 500, ndalama za ku Jeremani za nthawi imeneyo. Wanchito wamba akanagwira miyezi yambiri kuti apeze ndalama zotere. Ogula amene akudziwika ndi 9. Ndege ina inapita ku Moscow kwa mphunzitsi wamkulu Nikolai Zhukovsky. Ina inapita ku Dublin. Ina inaoloka nyanja kupita ku Amerika kwa mwini manyuzipepala, William Randolph Hearst. Zina mwa ndegezi zikusungidwabe m'nyumba zoonetsera zinthu zakale ku London, ku Moscow ndi ku Washington.

Koma panali vuto lalikulu. Taganizani mmene mwana amaphunzirira njinga. Acimwene ake amagwira cishalo kumbuyo, n'kumathamanga naye. Akafuna kugwa, amamugwira. Ndege ya a Lilienthal inkanyamula munthu mmodzi yekha. Wogula ankalandira ndege, koma mphunzitsi sankalandira. Mapazi akangocoka pansi, anali yekhayekha. Ngakhale alendo amene a Lilienthal ankawalola kuyesa pacitunda, mwini wake ankangowalangiza ali pansi. Ogula ambiri sanauluke nazo kwenikweni ndege zao.

Nawonso a Lilienthal analibe wowaphunzitsa. Ciliconse ankacidziwa poyesa ndi thupi lao. Pa zaka 5 anauluka maulendo oposa 2000. Anapanganso ndege za mapiko osanjikiza, ena pamwamba ena pansi.

Tsiku la ngozi

Pa 9 Ogasiti 1896, tsiku Lamulungu, a Lilienthal anapita ku phiri la Gollenberg pafupi ndi Stölln. Anali ndi mmisiri wao, Paul Beylich. Kunja kunali bwino, ndipo ulendo woyamba anauluka bwinobwino.

Pa ulendo wina, ndege inadzutsa mutu n'kuima m'malere. Phiko limanyamula pokhapokha mphepo ikamadutsa pa ilo mwaliwiro. Ndege ikaima, phiko limaleka kunyamula. A Lilienthal anayesa kuiwongola ndi thupi lao, koma sizinatheke. Ndege inazondoka, n'kugwa kucokera pa mamita 15.

Anathyoka fupa la khosi. Anawanyamula pa ngolo kupita kumudzi, kenaka pa sitima kupita ku cipatala ku Berlin. Anamwalira m'mawa mwake, pa 10 Ogasiti 1896, ali ndi zaka 48. Anasiya mkazi ndi ana 4. Nchito yopanga ndege m'fakitale muja inathera pomwepo.

Patapita zaka zitatu, Percy Pilcher wa ku Britain, amene anabwerapo kudzaona a Lilienthal akuuluka, nayenso anafa atagwa ndi ndege yake yopanda injini.

Amene anatola nchitoyi

Mbiri ya imfa ya a Lilienthal inafika ku Amerika. M'tauni ya Dayton munali abale awiri okonza njinga, Wilbur ndi Orville Wright. Iwo anawerenga za bambo amenewa ndi manambala ao. Anaona kuti kuwongola ndege ndi miyendo sikokwanira. Anapeza njira yopotoza mapiko ndi zingwe, naikanso ciwongolero kutsogolo ndi kumcira. Anayamba ndi ndege zopanda injini. Pa 17 Disembala 1903 anauluka ndi ndege ya injini.

Ndege zopanda injini sizinathe. Kuyambira mu 1920, anyamata a ku Jeremani ankasonkhana pa phiri la Wasserkuppe kukauluka nazo. Pang'onopang'ono anaphunzira cinsinsi ca kabawi. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wofunda umakwera m'mwamba. Ndege ikamazungulira mu mpweya umenewo, imakwera nawo. Masiku ano ndege yopanda injini imatha kukhala m'mwamba maola ambiri ndi kuyenda makilomita mazanamazana. Ponyamuka imakokedwa ndi cingwe, kapena ndi ndege ina ya injini, kenaka cingweco amacimasula.

Komabe kwa zaka zambiri wophunzira ankakhalabe yekha. Ankamukhazika pa kampando, anzake n'kukoka cingwe ca mphira, n'kumuponya m'mwamba ngati mwala wa legeni. Mphunzitsi ankangofuula ali pansi. Ndege zambiri zinathyoka, ndi anthu omwe anavulala.

Mipando iwiri

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, maiko ambiri anasintha kaphunzitsidwe. Anayamba kugwiritsa nchito ndege za mipando iwiri. Wophunzira amakhala kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo. Aliyense ali ndi ndodo yowongolera, ndipo ndodo ziwirizo ndi zolumikizana. Wophunzira akalakwa, mphunzitsi amakonza nthawi yomweyo. Ali m'mwamba kwambiri, mphunzitsi amaimitsa ndege dala, kuti wophunzira aone mmene imagwetsera mutu ndi mmene angaibwezere. Ngozi imene inapha a Lilienthal, lero wophunzira amaiyeseza mphunzitsi ali kumbuyo kwake.

Kwa zaka zingapo ndege zophunzitsirazi zinkapangidwa m'maiko ambiri, ndipo zinali zotsika mtengo. Ku Amerika, abale atatu a banja la Schweizer ankapanga ndege yochedwa 2-33 pafupi ndi tauni ya Elmira. Anapanga zoposa 500. Ku Czechoslovakia kunali ndege yacitsulo copepuka yochedwa Blaník, imene inauluka koyamba mu 1956. Anapanga zoposa 2500, ndipo zinagulidwa m'maiko ambiri. Ku Jeremani, fakitale ya Schleicher, imene ili m'munsi mwa phiri la Wasserkuppe, inatulutsa ASK 13 mu 1966. Inali ya mapaipi acitsulo, matabwa ndi nsalu. Ikang'ambika, eni ake ankatha kuikonza okha.

Zinthu zinasinthanso. A Schweizer analeka kupanga ndege zopanda injini m'zaka za m'ma 1980, nayamba kulimbikira nchito ya mahelikopita ndi ndege zina. Mu 2010 phiko la Blaník ina linathyoka m'mwamba ku Austria, anthu awiri n'kufa. Maiko ambiri analetsa ndege za mtundu umenewu kuuluka mpaka zitalimbitsidwa, ndipo zambiri sizinaulukenso. Ndege zatsopano amazipanga ndi ulusi wagalasi wosakaniza ndi zomatira. Zimauluka bwino kwambiri, koma zimafuna amisiri ambiri ndi nthawi yaitali, pamene ogula ndi ocepa. N'cifukwa cake ndi zodula, ndipo mafakitale ozipanga atsala owerengeka, ambiri ku Ulaya. Magulu a anthu ophunzitsa kuuluka amene alibe ndalama zambiri amangosamala ndege zao zakale, zina za zaka zoposa 50, kuzisoka ndi kuzipaka utoto. Vuto limene a Lilienthal anakumana nalo ndi mamaki 500 aja labweranso: mnyamata kapena mtsikana wofuna kuphunzira alipo, koma ndege yotsika mtengo ikusowa.

A Gustav, ang'ono ao aja, anakhala ndi moyo mpaka 1933. Mpaka ukalamba wao ankapangabe ndege yaikulu ya mapiko okupiza ngati mbalame, koma sinauluke.

Ku Anklam kuli nyumba yosungiramo zinthu za a Lilienthal, ndipo ana a sukulu amapita kukaona mapiko a msondodzi ndi nsalu. Kaphiri ka ku Lichterfelde kakadalipo, ndipo anthu amakwera pamwamba pake pa makwerero. M'munsi mwa phiri la Gollenberg, pamene anagwera, pali bwalo la udzu. Mpaka lero anthu amaulukirapo ndi ndege zopanda injini.